Bakapu ikamadukira panjira: kupeza chimene chikuletsa mafayilo kufika pa NAS ya pakhomo

Laputopu mwaisiya ikukopera zithunzi za ukwati wa Loweruka ku NAS, kabokosi ka madisiki kosungira mafayilo pa netiweki ya pakhomo, mwakagona. Kukucha mupeza ntchito inaima pa 62%, Windows ikuti dzina la netiweki silikupezekanso. Muyambiranso, mawa lake zomwezo. Ambiri akafika apa amathamangira kudina batani la reset kumbuyo kwa NAS, ena mpaka kufomata madisiki. Musatero. NAS, kaya ndi Synology, QNAP, WD My Cloud kapena disiki yongolumikiza ku USB ya rauta, kawirikawiri imakhala yosalakwa. Pakati pa foda yanu ndi madisiki ake pali magetsi, chingwe, rauta, adiresi, pasiwedi ndi mayina a mafayilo, ndipo chilichonse mwa izi chikavuta chimasiya chizindikiro chakechake.

Musanagwire kanthu, lembani nthawi imene ntchito inaima, fayilo imene inaimirapo, ndi uthenga weniweni wa pa sikirini pamodzi ndi nambala yake. Ikakana poyamba penipeni, yang'anani adiresi ndi chilolezo. Ikaima pa mafayilo osiyanasiyana usiku uliwonse, yang'anani magetsi, chingwe ndi kugona kwa kompyuta. Ikaima pa fayilo imodzimodzi tsiku ndi tsiku, netiweki isiyeni, vuto lili pa fayiloyo.

Kukoka foda ndi mbewa mu File Explorer sikusiya mbiri iliyonse. Gwiritsani ntchito robocopy, yomwe ili kale mu Windows, polemba izi mu Command Prompt:

robocopy "D:\Zithunzi" "\\192.168.1.50\bakapu\Zithunzi" /E /Z /FFT /R:2 /W:5 /TEE /LOG+:D:\bakapu.txt

Sinthani adiresi ndi mayina a mafoda akhale anu. /E ikopa ndi mafoda amkati omwe. /Z ilola fayilo yaikulu kupitirira pomwe inadukira. /R:2 ndi /W:5 ndi zofunika kuposa mmene zikuonekera: mukapanda kuzilemba, robocopy imayesa fayilo yokanika maulendo 1,000,000 ndi kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse, ndiye mumapeza yangoima pa fayilo imodzi usiku wonse ngati yafa. Musasiye chizindikiro cha \ kumapeto kwa dzina la foda chisanafike chotsekera cha ", chimasokoneza lamulo lonse. Ikamaliza tsegulani bakapu.txt, pitani pansi penipeni, muone nambala imene ili pansi pa mawu akuti FAILED. Ikakhala 0, zonse zadutsa. Ikapanda kutero, fufuzani mawu akuti ERROR m'fayilomo, ali ndi nthawi ndi dzina la fayilo pambali pake. Ngati mukuyendetsa robocopy kudzera mu script, dziwani kuti nambala yotulukira ya 0 mpaka 7 si kulephera. Kulephera kumayambira pa 8.

Ikamakana poyamba penipeni

Uthenga wa 0x80070035 ukutanthauza kuti njira sinapezeke. Mu Blantyre muno chimodzi mwa zoyambitsa ndi adiresi yosintha magetsi akabwera. Marauta ambiri otchipa amaiwala amene anali ndi adiresi iti akathima. Akayakanso, mafoni, TV ndi laputopu zimalandira maadiresi msanga, pomwe NAS imatenga mphindi zingapo kudzuka, n'kupeza 192.168.1.102 yake yatengedwa ndi foni ya mlendo. Bakapu ikupitabe ku 102, kumene kulibe foda. Lowani mu rauta, muone mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, mupeze adiresi yatsopano ya NAS. Kenako imangeni: mu rauta muli malo otchedwa DHCP reservation kapena address reservation, pomwe mumamangiriza adiresi ku nambala ya MAC ya NAS, yomwe imalembedwa pa sitika pansi kapena kumbuyo kwake. Rauta ikakhala ilibe malowa, ikani adiresi yokhazikika mu NAS momwemo, koma ya kunja kwa imene rauta imagawa. Ngati imagawa kuyambira 100 mpaka 199, NAS ipatseni 50. Mukaona chipangizo chili ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti chinapempha adiresi rauta isanadzuke kapena chingwe sichikugwira, n'kudzipatsa yokha.

Nyumba zambiri zili ndi marauta awiri: ya SIM kadi yobweretsa intaneti, ndi ina yowonjezera Wi-Fi kuchipinda. Iliyonse ikamagawa maadiresi ake, mumakhala ndi maneti awiri osaonana bwino. Laputopu ili pa 192.168.8.x, monga zimakhalira pa marauta ambiri a Huawei, NAS ili pa 192.168.0.x. Intaneti ikuyenda konsekonse, ndiye munthu sakayikira kanthu. Lembani ipconfig mu Command Prompt, mufananize nambala zitatu zoyamba ndi za NAS. Zikasiyana, sandutsani rauta yachiwiri kukhala access point, kapena zimitsani DHCP yake n'kulumikiza chingwe ku LAN osati ku WAN. Wi-Fi ya alendo nayonso imatsekereza dala zipangizo kuti zisaonane, chimodzimodzi AP isolation ikayatsidwa, ndipo VPN ya kuntchito ikakhala yoyaka itha kubisa netiweki ya pakhomo yonse.

Adiresi ikakhala yolondola, yesani khomo la SMB (njira imene Windows imagawanira mafayilo pa netiweki), lomwe ndi 445. Mu PowerShell lembani:

Test-NetConnection 192.168.1.50 -Port 445

Ping ikamayankha koma apa pakutuluka False, SMB ndi yozimitsa pa NAS kapena firewall yake yakutsekerani. NAS ikamakana kuoneka pa mndandanda wa Network koma ikutseguka mukalemba adiresi yake mwachindunji, palibe chaonongeka. Mwina netiweki yanu yalembedwa Public mu Windows; ngati ndi choncho, isintheni ikhale Private.

Tsopano za chilankhulo chimene makina awiriwa amamvanirana. SMB1 ndi yakale, ndipo ndi imene kachilombo ka WannaCry kanadzera mu May 2017. Kuyambira Windows 10 ya 1709, Microsoft inayamba kuichotsa. NAS zakale kwambiri ndi marauta ambiri okhala ndi USB amangodziwa SMB1 yokha. Malangizo ambiri amati ingoiyatsaninso mu Windows Features. Zimagwiradi, koma mwatsegula khomo limene linatsekedwa pa chifukwa chomveka. Yambani mwaona ngati NAS ili ndi firmware yatsopano, ndipo mu zosankha zake za SMB ikani yotsikitsitsa SMB2, yokwera SMB3. Rauta yongodziwa SMB1 si malo osungira ntchito ya anthu. Vutoli lilinso ndi mbali ina: DSM 7, pulogalamu yoyendetsa NAS za Synology, imabwera itazimitsa SMB1 ndi NTLMv1, njira yakale yotsimikizira pasiwedi, ndiye fotokopiya yakale ya mu ofesi imene inkatumiza zosikana ku foda imangosiya mwadzidzidzi NAS ikalandira pulogalamu yatsopano. Apa ndi bwino kuyesa firmware ya fotokopiyayo, kapena kuitumizira kudzera pa FTP mkati mwa ofesi mokha.

Pa Windows 11 Pro ya 24H2 pali kusintha kwina kumene kwagwetsa mabakapu ambiri amene ankayenda bwinobwino: kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi kunaletsedwa, ndipo SMB signing, yotsimikizira kuti mauthenga sanasinthidwe panjira, inakhala yokakamiza. Mankhwala ake ndi kutsegula akaunti yeniyeni pa NAS, yokhala ndi dzina ndi pasiwedi, kuipatsa chilolezo cholemba mu foda ya bakapu, n'kulola signing mu zosankha za NAS. Amene akusamuka kuchoka pa Windows 10, yomwe chithandizo chake chinatha pa 14 October 2025, ndi amene akukumana nazo kwambiri.

Pasiwedi mukaisintha pa NAS, Windows imapitiriza kutumiza yakale. NAS zina zimatseka adiresi imene yalakwitsa pasiwedi kangapo motsatizana, ndiye ngakhale mulembe yolondola imakanabe. Onani mndandanda wa otsekeredwa mu zosankha za chitetezo. Fufutani yakale mu Credential Manager, pansi pa Windows Credentials. Uthenga wa 1219 umabwera mukayesa kulowa NAS imodzi ndi maakaunti awiri nthawi imodzi. Lembani net use * /delete kuti mudule zonse, mulowenso ndi akaunti imodzi.

Bakapu ya usiku imene siyamba, kapena imangosiya

Pamanja ikuyenda, mu Task Scheduler, yoyendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika, ayi. Choyamba, drive yolozera ku NAS, monga Z:, imene munapanga ndi ya inu mukalowa, ntchito yoyenda popanda inu kulowa siiona. Lembani njira yonse yoyamba ndi \\ monga pamwambapa. Chachiwiri chimapweteka kwambiri kuno kwathu. Pa tsamba la Conditions pali timabokosi tiwiri timene timabwera tochongedwa kale: kena kakuti ntchito iyambe pokhapokha kompyuta ili pa magetsi, kena kakuti iime kompyuta ikapita pa batire. Magetsi akangophethira, laputopu yapita pa batire, Windows yapha bakapu mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse pa sikirini. Chotsani timabokosi tonse tiwiri. Pa tsamba la Settings chongani kuti ntchito iyambe msanga ngati nthawi yake inaphonyedwa.

Magetsi

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Kuthima kwa maola anayi aliyense amakuona. Kovuta ndi kuphethira kwa sekondi imodzi, kumene laputopu siikumva chifukwa ili ndi batire. Rauta yazima, itenga mphindi imodzi kapena ziwiri kudzuka, NAS itenga zochulukirapo. Pofika mmawa zonse zikuyaka zobiriwira ngati sipanachitike kanthu, koma bakapu inafa 2 koloko usiku ndi uthenga wa 0x8007003B kapena ERROR 64. Umboni ulipo pawiri. Mu log ya NAS mupeza mzere wonena kuti inadzuka itazima mosayenera, ndi nthawi yake. Pa tsamba loyamba la rauta pali uptime: ngati ikuti yakhala ikuyaka maola asanu pomwe palibe anaigwira kwa mlungu, yankho mwalipeza. Fananizani nthawizo ndi ya mu bakapu.txt.

UPS yaing'ono ya 650VA, bokosi la batire losunga zipangizo zili zoyaka magetsi akathima, imakwanira NAS ya madisiki awiri, chifukwa NAS yotere imadya mawati ochepa, osafika ngakhale 40 ikamagwira ntchito. Cholakwika chofala ndi kuika NAS yokha pa UPS. Rauta ndi switch (kabokosi kolumikizira zingwe za netiweki) zikazima, njira yaduka chimodzimodzi. Zonse zitatu zikhale pa UPS. Printa ya laser isayandikire kumeneko, imakoka magetsi ambiri potenthetsa n'kugwetsa UPS.

Gulani UPS yokhala ndi khomo la USB, ndipo chingwe chake chilowe mu NAS. Popanda chingwechi NAS sidziwa kuti ili pa batire. Imangolemba mpaka batire lithe, n'kugwa monga ikanagwera popanda UPS, kungoti mochedwa. Chingwe chikalowa, uzani NAS kuti ikakhala pa batire mphindi zisanu isiye kulemba n'kudziteteza, ndipo yatsani chosankha chakuti idzuke yokha magetsi akabwera. Batire la mkati mwa UPS, nthawi zambiri la 12V 7Ah, limatopa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kutentha kwa October kumalitopetsa msanga. UPS yotopa imaoneka yamoyo mpaka tsiku loifuna. Iyeseni miyezi itatu iliyonse: imitsani zokopa zonse, zimitsani soketi ya pakhoma, muone ngati ikusunga mphindi zisanu.

Okhala ndi inveta kapena jenereta asadzinamize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Pa kusintha kuchoka ku ESCOM kupita ku jenereta pamakhala kampata, ndipo mainveta ena nawonso amachedwa mokwanira kuzimitsa rauta. Mita ikatha mayunitsi pakati pa usiku, zotsatira zake ndi zomwezo.

Adaputa ya 12V ya NAS imafooka pang'onopang'ono. Disiki ya mainchesi 3.5 imakoka magetsi ambiri pa nthawi yodzuka, ndiye adaputa yofooka imaoneka pamene madisiki onse ayamba kuzungulira: mumamva kugogoda, disiki imodzi imasowa pa mndandanda kenako n'kubweranso, kapena NAS imadzizimitsa ntchito ikakula. Anthu amagula disiki yatsopano pomwe wodwala ndi adaputa. Yolowa m'malo ikhale ya mavoti omwewo ndendende, ma amp ofanana kapena oposa, ndi pulagi yofanana. Ya rauta, ngakhale ikulowa bwino pabowo, nthawi zambiri ndi ya 1A kapena kucheperapo, siingakwanitse.

Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, mphenzi imalowanso kudzera pa chingwe cha netiweki, makamaka chodutsa panja kupita ku nyumba yakuseri. Khomo limodzi la rauta kapena la switch limapsa, ena n'kutsala amoyo. Nyali ya khomo ikakana kuyaka mvula ya ziphaliwali itadutsa, sunthirani chingwe ku khomo lina musanaweruze NAS.

Chingwe, Wi-Fi ndi liwiro

Nthawi zina bakapu sikuti ikuduka, ikungochedwa mpaka china chake chiipeze panjira. Werengani. Chingwe choyenda pa gigabit chimapereka pafupifupi 110 MB pa sekondi pa mafayilo akuluakulu, ndiye 500 GB imatha mu ola limodzi ndi mphindi 15 kapena 20. Pa 100 Mbps mumapeza 11 MB pa sekondi, ndipo 500 GB yomweyo imafuna maola oposa 12. Pa Wi-Fi yofooka yopereka 3 MB pa sekondi ndi pafupifupi masiku awiri. Kodi magetsi, rauta ndi laputopu zikhala chilili masiku awiri osaphethira?

Mukaona liwiro lakhazikika pa 11 MB osasuntha, china chake chatsikira pa 100. Onani Link speed mu zosankha za Ethernet pa Windows, ndi tsamba la netiweki pa NAS. Gigabit imafuna mawaya onse 8 a m'chingwe. 100 Mbps imangofuna anayi, a pa mapini 1, 2, 3 ndi 6. Waya umodzi mwa anayi otsalawo ukaduka kapena ukapanda kukanikizidwa bwino mu pulagi ya RJ45, chingwe chimagwirabe koma pa liwiro lotsika, ndiye palibe amachikayikira. Zingwe zotchipa zolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa; zimathyoka msanga popindika ndi pa pulagi. Chodutsa kudenga chionedwe ngati makoswe sanachitafune, chodutsa pansi pa chitseko chionedwe popanikizika. Kuyesa kwachangu ndi kutenga chingwe chachifupi cha Cat5e kapena Cat6 chopangidwa kufakitale, kuika laputopu pafupi ndi NAS, n'kuona ngati 1000 yabwerera. Chingwe chimodzi chisapitirire mamita 100.

Marauta ambiri a SIM kadi ndi ena otchipa ali ndi makomo a 100 Mbps okhaokha. Sipafunika kusintha rauta. Gulani switch ya gigabit ya makomo asanu, NAS ndi kompyuta zilowe mu switch, chingwe chimodzi chipite ku rauta. Mafayilo azidutsa mu switch osafika ku rauta. Kukula kwa mapaketi a netiweki, pa chosankha cha jumbo frames, kusiyeni pa 1500 paliponse. Kuyatsa 9000 pa NAS yokha kumabweretsa vuto lodabwitsa loti mafoda akutseguka koma fayilo yaikulu ikukanika.

Makoma a njerwa zootcha amadya 5 GHz kwambiri, ndipo 2.4 GHz m'malo othithikana ngati Ndirande, Zingwangwa kapena m'mafulati a ku Limbe imalimbirana ndi marauta a anansi. Sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11. Koma bakapu yoyamba, yaikulu ija, ipite pa chingwe basi. Wi-Fi ikhale ya zowonjezera za tsiku ndi tsiku. Kuti muone ngati njira ikudukaduka, tsegulani windo yachiwiri, lembani ping -t ndi adiresi ya NAS, isiyeni iziyenda pamene mukukopa. Pa chingwe chabwino yankho limabwera pa 1 ms kapena kucheperapo, losadumpha. Mizere ya Request timed out ikamabwera m'magulumagulu, njira ndi imene ikudwala.

Mafayilo ang'onoang'ono ochuluka, monga foda ya WhatsApp ya zaka zisanu, amayenda pang'onopang'ono ngakhale pa gigabit, chifukwa fayilo iliyonse imafuna kutsegulidwa ndi kutsekedwa payokha. Onjezani /MT:8 kuti angapo aziyendera limodzi. Chimenecho si chilema.

Kompyuta ikagona, kukopa kumaima. Ikani kugona pa Never ikakhala pa magetsi, onani chimene chimachitika mukatseka chivundikiro cha laputopu, ndipo mu Device Manager, pa khadi ya netiweki, chotsani chilolezo chakuti Windows iziizimitsa posunga magetsi. Pa mafoni a Android pali zinthu ziwiri. Chosungira batire chimapha pulogalamu ya bakapu sikirini ikazima, ndiye ichotseni pa mndandanda wa zoletsedwa. Chachiwiri, bandulo ya mu rauta ikatha, foni imaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti n'kuthawira ku data ya SIM, ndipo NAS imasowa ngakhale ili patebulo pomwepo. Zimitsani data pa nthawi ya bakapu. Kukopa mkati mwa nyumba sikudya bandulo. Ikamatha modabwitsa, onani ngati pulogalamuyo siikudzera pa adiresi ya pa intaneti monga QuickConnect m'malo mwa adiresi ya m'nyumba.

Ikamaima pa fayilo imodzimodzi

Kanema wa chinkhoswe wa 6 GB akukana, ndipo uthenga ukuti malo palibe pomwe malo alipo ambiri. Disiki yolandira ndi ya FAT32, yomwe silandira fayilo yofika 4 GB. Izi zimachitika pa madisiki olumikiza ku USB ya rauta kapena ya NAS. Samutsani zomwe zilimo kaye, kenako ifomateni pa NTFS, exFAT kapena ext4, malingana ndi zimene chipangizocho chimawerenga.

Njira yonse ya fayilo, kuyambira dzina la seva mpaka kumapeto, ikapitirira zilembo 260, File Explorer ndi mapulogalamu ambiri amagonja. Pa kompyuta inali 240, koma dzina la NAS ndi mafoda a bakapu awonjezera 30. Robocopy imadutsa malire amenewa, koma tsiku lobwezeretsa mutha kulephera kutsegula fayiloyo, choncho fupikitsani mayina a mafoda apamwamba. Windows imakananso zizindikiro izi m'dzina: \ / : * ? " < > | komanso dzina lothera ndi kadontho kapena mpata, ndi mayina monga CON, PRN, AUX ndi NUL. Mafayilo ochokera pa Mac kapena Linux ndi amene amabwera nazo. Palinso ŵ wathu. Chilembochi chitha kusungidwa ngati chimodzi, kapena ngati w ndi kachipewa kake padera, ndipo Mac ndi Windows sizigwirizana nthawi zonse. Mapeto ake mumapeza mafoda awiri olembedwa Malaŵi ooneka ofanana, kapena fayilo yooneka koma yosatseguka. M'mayina a mafoda a bakapu lembani w wamba.

ERROR 32 ikutanthauza kuti fayilo ili m'manja mwa pulogalamu ina. Fayilo ya .pst ya Outlook ndi mabuku a akaunti a QuickBooks kapena Sage ndi zimene zimakonda kutero, chifukwa anthu amaweruka osatseka. Tsekani mapulogalamuwo musanachoke, ndipo pa mabuku a akaunti gwiritsani ntchito bakapu ya mkati mwa pulogalamuyo, n'kukopera fayilo yotulukayo ku NAS.

Uthenga umodzi wokha ndi umene uyenera kukuimitsani zonse: ERROR 23, cyclic redundancy check. Kawirikawiri ukutanthauza kuti disiki ya kompyuta yanu, gwero lenilenilo, ikulephera kuwerenga malo ena. Musayendetse chkdsk kapena defrag kaye. Kopani mafoda ofunika kwambiri poyamba, ndi /R:0 kuti isavutitse disiki pa malo owonongeka, kenako onani SMART yake, lipoti la thanzi la disiki, ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo.

Ikamakopa zonse mwatsopano, kapena malo akamatha msanga

Robocopy imazindikira fayilo yosintha poyang'ana kukula ndi nthawi. FAT imasunga nthawi modumpha masekondi awiri, ndipo NAS zina sizisunga nthawi mwatsatanetsatane ngati NTFS, ndiye mafayilo onse amaoneka atsopano usiku uliwonse. /FFT ija ndi yothetsa zimenezi; pa rsync, pulogalamu yokopera ya pa Linux ndi Mac, ndi --modify-window=2. Wotchi ya NAS ikhale pa UTC+2, Harare kapena Blantyre pa mndandanda, apo ayi ndandanda yake iyenda pa ola lolakwika ndipo log yake sigwirizana ndi yanu. Kompyuta ya patebulo ikamaiwala tsiku magetsi akathima, sinthani kabatire ka CR2032 ka pa motherboard.

Disiki ya 1 TB imaoneka 931 GB mu Windows. Palibe wakuberani, ndi kawerengedwe chabe. Malo enieni amathera mu bini ya NAS, foda ya #recycle pa Synology kapena @Recycle pa QNAP, yomwe imasunga chilichonse chofufutidwa mpaka muiuze nthawi yotaya. Ma snapshot akale (zosungidwa za mmene mafayilo analili pa nthawi ina) ndi malire a quota pa akaunti nawonso amatseka bakapu pomwe disiki ikuoneka ili ndi malo.

Liwiro likayamba bwino n'kugwa kwambiri patatha mphindi 20 kapena 30, onani mtundu wa disiki. Madisiki alipo a kalembedwe kawiri, SMR ndi CMR: a SMR amalemba msanga mpaka malo awo osungira mongoyembekezera adzaze, kenako amakwawa, ndipo amavutitsa kwambiri pomanganso RAID, dongosolo la madisiki angapo ogwira ntchito pamodzi. Nkhaniyi inaphulika mu 2020 pa WD Red za 2 mpaka 6 TB, ndipo pambuyo pake za CMR zinayamba kutchedwa Red Plus. Pogula disiki ya NAS funsani CMR, muone nambala ya model nokha. Mu SMART yang'anani mizere ya nambala 5, 197 ndi 198: zikachoka pa 0 n'kumakwera, disiki ikupita. 199 ikamakwera, vuto ndi polumikizira, itulutseni disiki NAS itazima, pukutani fumbi, ibwezereni bwino. Fumbi la chilimwe limatseka fani. Disiki yopitirira 50°C ikufuna mpweya, ichotseni mu kabati yotseka.

Bakapu yomaliza bwino koma yosadalirika

/MIR ya robocopy imapangitsa foda ya pa NAS kufanana ndendende ndi ya pa kompyuta, kufufuta komwe. Mwana akafufuta foda masana, usiku imafufutikanso pa NAS. Mukasinthanitsa gwero ndi kolowera, foda yopanda kanthu imameza yodzaza. Musanayendetse /MIR koyamba onjezani /L, yomwe imangoonetsa zimene ikanachita osagwira kanthu. Pa rsync ndi -n. RAID 1 imakutetezani disiki imodzi ikafa, koma cholakwa chilichonse imachilemba pa madisiki onse awiri nthawi imodzi. Chobweza fayilo ya dzana ndi ma snapshot kapena pulogalamu yosunga mitundu yakale, monga Hyper Backup kapena File History.

NAS isayang'ane kunja. Mu June 2021 ma WD My Book Live ambiri anafufutidwa kudzera pa intaneti, ndipo mu January 2022 kachilombo ka DeadBolt kanatseka mafayilo pa ma QNAP oonekera kunja. Zimitsani UPnP, yolola zipangizo kudzitsegulira makomo akunja, pa rauta, musatsegule khomo la 445, zimitsani akaunti ya admin yobwera nayo, ndipo akaunti ya bakapu ikhale yosiyana ndi imene mumagwiritsa ntchito masana, kuti kachilombo kakalowa pa laputopu kasapeze foda ya bakapu ili chitsegukire.

NAS ndi laputopu zili m'nyumba imodzi, pa waya umodzi wa magetsi. Mphenzi, akuba kapena madzi zimatenga zonse pamodzi, monga anaonera anthu a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Tengani madisiki awiri a USB. Imodzi ilumikizeni ku NAS Lachisanu, ikope, muichotse, mupite nayo kuntchito kapena kwa m'bale wa dera lina. Mlungu wotsatira mubwere ndi inzake.

Kamodzi pamwezi sankhani mafayilo asanu pa NAS, chachikulu chimodzi, ena akale, muwakopere mu foda yatsopano pa kompyuta, muwatsegule. Kanema mumuthamangitse mpaka kumapeto, chifukwa woduka atha kuseweranso bwino poyamba. Pa fayilo yosatseguka ndi maso lembani certutil -hashfile, dzina la fayilo, ndi SHA256, pa choyambirira ndi pa chobwezeretsedwa. Mizere iwiri yotulukayo ifanane chilembo ndi chilembo. Ikasiyana pomwe fayiloyo simunaisinthe, sinthani chingwe, kopaninso fayilo yomweyo, ndipo ikasiyanabe yendetsani SMART extended test pa madisiki a NAS ndi Windows Memory Diagnostic pa kompyuta.